Tauni yongopeka ya mgodi wa chitsulo chopanda ntchito: tiiike pati kuchigwa kuno, ndipo izidya chiyani?

MlembiWaKuNgabu
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Pali sewero la pa wailesi la magawo ambiri lomwe ndikukonza. Nkhani yonse ikuchitikira m'tauni yongopeka ya kuchigwa cha Shire kuno, tauni yomwe inabadwa chifukwa cha mgodi. Chomwe akukumba ndi chitsulo chosowa kwambiri, chotulutsa cheza choopsa chija ambiri amati rediyeshoni, koma chopanda ntchito ina iliyonse. Mafunso anga ndi atatu. Chitsulo chotere chilipodi padziko? Tauniyi ingakhale mbali iti ya Chikwawa kapena Nsanje kuti odziwa miyala asandiseke? Nanga ndani angalipire anthu kukumba chinthu chomwe palibe akuchifuna? Omvera ena anagwirapo ntchito ku mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, ena ndi ana a anthu amene anapita ku Joni. Sindikufuna kuwanamiza.

Fiziki91
Chilipo, achimwene. Dzina lake ndi protactinium, nambala 91 pa tchati cha maelementi, pakati pa thorium ndi yureniyamu. Mtundu wake wokhalitsa ndi wa 231, ndipo kuti theka lake lisweke pamapita zaka pafupifupi 32,760. Otto Hahn ndi Lise Meitner ku Germany, komanso Frederick Soddy ndi John Cranston ku Britain, ndi amene anautulukira mtunduwu cha mu 1917 ndi 1918. Ndi chitsulo cholemera kuposa mtovu. Ntchito yake yodziwika ndi imodzi: akatswiri amachiyeza m'matope a pansi pa nyanja zikuluzikulu kuti adziwe zaka za matopewo, ndipo pamenepo sagula kwa munthu, amangoyeza kamene kali kale m'matopemo.

Koma gwirani ichi musanalembe gawo loyamba. Palibe mwala wa protactinium pawokha. Iye amabadwa yureniyamu wa mtundu wa 235 akamasweka, ndipo mtunduwo ndi magawo 0.72 okha pa 100 aliwonse a yureniyamu wa m'nthaka. Mukawerengera, tani yathunthu ya yureniyamu imasunga protactinium wokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a galamu. Mgodi wanuwo, mufune musafune, ndi mgodi wa yureniyamu.

A ku Britain anayesapo pakati pa 1959 ndi 1961. Anasefa matani 60 a zotsalira za yureniyamu, anapeza magalamu pafupifupi 125, ndipo zinawadyera madola pafupifupi 500,000 a nthawi imeneyo. Kachulukidwe kameneko kanakwanira malabotale a dziko lonse lapansi kwa zaka zambiri.

KabazaBangula
Magalamu 125? Ndiye kuti paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi mugawe pasanu ndi patatu, mutengepo gawo limodzi. Tauni yonse imangidwe chifukwa cha chimenecho?

Mwala_wa_Karoo
Ndi funso lolondola limenelo, a Kabaza, ndipo tiyeni tiliike m'manambala oti mlembi agwiritse ntchito. Tinene kuti mwala wa mumgodimo uli ndi kilogalamu imodzi ya yureniyamu pa tani iliyonse, zomwe sizili kutali ndi mwala wa ku Kayelekera. Kuti mupeze galamu imodzi ya protactinium mukufunika matani atatu a yureniyamu, kutanthauza matani 3,000 a mwala. Lole yonyamula matani 30 iyende maulendo 100 chifukwa cha galamu imodzi. Chigayo chikamagaya matani 1 miliyoni pachaka, mwala wonsewo uli ndi magalamu pafupifupi 330, okwana masupuni a tiyi anayi kapena kupitirira pang'ono. Ndipo si onse mungawatulutse.

Tsopano za malo. Musayike mgodiwu m'mbali mwa Shire, ku Makhanga kapena ku Ndindi. Kumeneko ndi dothi ndi mchenga wotsetsereka ndi madzi, wakuya kwambiri, mwala weniweni uli kutali pansi. Pitani kumadzulo, kuseri kwa Ngabu cha kumalire ndi Mozambique, pakati pa Lengwe ndi Mwabvi. Uko kuli miyala yamchenga ya gulu la Karoo, yomwe ilinso ndi malasha. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga ali m'miyala ya gulu lomwelo. Kachitidwe kake nkotere: madzi okhala ndi mpweya amasungunula yureniyamu kumapiri, amayenda naye m'mwala wamchenga, ndipo akakumana ndi zotsalira za zomera zakale kapena malasha, yureniyamu uja amakhazikika pompo. Mukanena kuti m'dziko la sewero lanu zinachitika choncho kuseri kwa Ngabu, wodziwa miyala sangakutsutseni. Mungokumbukira kuti ndi zopeka, musalengeze ngati kuti mgodi wotere unapezekadi.

Mlamba_wa_Ndindi
Ine ndikuona ngati mukulemetsa nkhani. Sewero ndi sewero. Apeke chitsulo chake, achipatse dzina, chiziwala usiku, anthu amvere asangalale.

Fiziki91
Ayi, chowala usikucho ndiye chisalowemo. Mwala wa yureniyamu suwala mumdima, sununkha, sutentha m'manja. Anthu akakhulupirira kuti choopsa chimawala, adzatola chosawala n'kuika m'nyumba. Wailesi imafika kutali kuposa kalasi.

Mlamba_wa_Ndindi
Chabwino, chisawale. Koma bwanji osatenga thorium wa ku Kangankunde? Ameneyo ndiye alipo kale m'dziko muno.

Mwala_wa_Karoo
Kangankunde ali ku Balaka, si kuchigwa kuno, ndipo kumeneko chofunidwa ndi miyala ya monazite chifukwa cha zitsulo zopangira maginito. Thorium sasowa, ndi wochuluka m'nthaka kuposa yureniyamu katatu kapena kanayi, komanso ali ndi ntchito zake. Sakukwanira zomwe mlembi wapempha.

Akawunti_ya_Nchalo
Ndiyankhe funso lachitatu, la wolipira. Njira zomveka ndikuziona ziwiri.

Yoyamba, yureniyamu ndiye amalipira malipiro, dizilo ndi asidi, pomwe protactinium ndi dzina chabe lomwe tauni imanyadira. Njirayi ndi yoona koma imafooketsa nkhani yanu, chifukwa chitsulo chopanda ntchito chija sichikhalanso pakati.

Yachiwiri ndi yomwe ndingasankhe. Kampani yaing'ono yolembetsedwa pa msika wa masheya kunja sikhalira kugulitsa chitsulo, imakhalira kugulitsa masheya. Imaboola zitsime zofufuzira, imatulutsa lipoti, mtengo wa sheya umakwera, imagulitsa masheya atsopano, ndalamazo imamangira msasa, msewu ndi chigayo choyesera. Ikatha ndalama imatulutsa lipoti lina. Tauni imadya lonjezo loti tsiku lina asayansi adzachipezera ntchito chitsulocho. Zimenezi zikhoza kuyenda zaka khumi kapena kuposerapo, malinga ngati ogula masheya akukhulupirirabe. Tsiku lomwe aleka kukhulupirira, malipiro amaima mwezi womwewo, osati pang'onopang'ono.

Ngakhale mgodi wogulitsa chinthu chenicheni umagwa ndi mtengo. Kayelekera anatsegulidwa mu 2009 ndi Paladin, boma lili ndi magawo 15 pa 100. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, itachitika mu Marichi 2011 mtengo wa yureniyamu unatsika, ndipo mu 2014 anaimitsa kukumba. Lotus Resources inagula mgodiwo mu 2020. Ngati chitsulo chokhala ndi msika chingagonetse mgodi zaka zonsezo, nanga chopanda msika?

MphunzitsiWaMbiri
Ndikugwirizana ndi a Akawunti, koma musawalembe anthu a m'tauniyo ngati opusa chifukwa chodikira. Chiyembekezo chawo chili ndi phata m'mbiri. Ku Jáchymov, dziko lomwe pano ndi Czech Republic, yureniyamu ankangomugwiritsa ntchito popaka mtundu magalasi ndi mbale zadothi, zotsalira zake ankataya. M'zotsalira zomwezo ndi momwe Marie Curie ndi Pierre Curie anapezamo radium mu 1898, ndipo radium anadzakhala chinthu chodula koopsa. Ku Shinkolobwe ku Congo ankakumba chifukwa cha radium, yureniyamu ali wapambali. Nkhondo yachiwiri itafika, yureniyamu uja ndi amene anasanduka chofunidwa ndi maboma akuluakulu. Ndiye m'sewero mwanu mukhale munthu wophunzira, mwina mphunzitsi wa sekondale ya pamgodi, wouza ana kuti chotayidwa lero chimafunidwa mawa, ndipo asakhale akunama. Kungoti kwa protactinium zaka zoposa 100 zadutsa mawalo lisanafike.

MlembiWaKuNgabu
Zikomo kwambiri nonse. Mphunzitsi ameneyo walowa kale m'sewero. Dzina la tauni ndinali nditaganiza Mwalawamoyo.

NyaChisena
Dzina limenelo lingakhale la pachikwangwani cha kampani. Koma anthu sayitana malo ndi dzina la pachikwangwani. Kuno mayina ambiri amayamba ndi Nya, ndipo mu Chisena chinthu chachabechabe timati pyapezi. Amayi ogulitsa nsomba pageti azitcha malowo Nyapezi, akuluakulu a kampani azikwiya nalo dzinalo, koma ngakhale kondakitala wa minibasi aziitanira Nyapezi yemweyo. Komanso musayankhulitse anthu onse Chichewa cha ku Lilongwe. Eni nthaka kumadzulo kwa Ngabu muwapatse Chimang'anja ndi Chisena, obwera kudzafuna ntchito ochokera ku Thyolo ndi Mulanje amveke kuti ndi akumtunda. Mfumu ya mudzi muzinena kuti nyakwawa.

KabazaBangula
Ndipo katundu wa mgodi adzera kuti? Njanji inaduka pa Mtayamoyo mu 1997, kuchoka ku Bangula kupita ku Makhanga ndi bwato.

Akawunti_ya_Nchalo
Adzera pa M1, kutsika phiri kuchokera ku Blantyre mpaka pa Thabwa, kuwoloka Kamuzu Bridge, kudutsa Nchalo mpaka Ngabu, kenako msewu wafumbi wa kampani. Malole a salufa ndi laimu akutsika makona amene aja, mabuleki atatentha, ndi gawo lathunthu la sewero palokha.

Mlamba_wa_Ndindi
Bwanji doko la ku Nsanje? Linatsegulidwa mu Okutobala 2010.

KabazaBangula
Linatsegulidwa, koma sitima zonyamula katundu sizinayambe kuyenda. Njira ya pamadzi imadutsa mu Zambezi, m'dziko la eni, ndipo popanda chilolezo chawo palibe choyenda.

MphunzitsiWaMbiri
Anthu a ku Nsanje amadziwa bwino kudikira chinthu cholonjezedwa, ena anagula malo poyembekezera doko lomwelo. Omvera sadzafunika kuwafotokozera zambiri za mtima wa anthu a ku Nyapezi. Koma tabwererani ku mgodi, nkhani ya njanji ili ndi tsiku lake.

MlondaWaDamu
Ndabwera mochedwa, koma ndikuona kuti chinthu chachikulu sichinatchulidwe. Mwa matani 1 miliyoni ogayidwa pachaka, pafupifupi onse amatsala pamalopo ngati matope. Tauni yanu sinamangidwe pa masupuni anayi a chitsulo aja, inamangidwa pambali pa phiri la matope. Ndifotokoze mmene amabadwira.

Mwala umaphwanyidwa, umagayidwa ndi madzi mpaka kukhala ngati phala la mchenga wosalala, kenako umalowa m'matanki momwe amathiramo asidi wa salufa. Asidi amasungunula yureniyamu. Mwala ukakhala ndi laimu wambiri mwachilengedwe umamwa asidi wochuluka, ndalama zimathera pamenepo, ndipo ndi chifukwa chake amayesa kaye m'chigayo chaching'ono. Zotsala amazithira laimu kuti asidi afe, n'kuzipopera kudamu. M'matope amenewo mumatsala pafupifupi magawo 85 pa 100 a cheza chonse chomwe chinali m'mwala, chifukwa radium wa 226, amene theka lake limatha pa zaka 1,600, ndi thorium wa 230 satuluka limodzi ndi yureniyamu.

Damu lomangidwa bwino limakhala ndi dongo lotsenderedwa pansi, pamwamba pake pulasitiki yakuda yochindikala mamilimita 1.5 kapena 2, yowotchereredwa m'malumikizo, ndi mapaipi osonkhanitsa madzi odontha. Kumtunda kwake amakumba ngalande zopatutsa madzi amvula kuti asalowemo. M'khoma amaikamo timapaipi toyezera msinkhu wa madzi, ndipo kumunsi amaboola zitsime zoyezera. Pakati pa madzi a m'damu ndi nsonga ya khoma payenera kutsala mpata wokwanira kulandira mvula yamkuntho.

Zimalakwika pati? Kampani ikasowa ndalama imakweza khoma poliika pamwamba pa matope omwewo m'malo momanga chakunja ndi mwala. Ndi zotchipa, koma matope onyowa akagwedezeka amasanduka ngati madzi, ndipo chigwa chino ndi dera la zivomezi. Chachiwiri ndi dothi la makande la ku Ngabu: chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa mkono, mvula yoyamba imalowa m'ming'alumo. Chachitatu ndi mapampu. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pampu yodalira magetsi a ESCOM imaima usiku womwewo womwe ikufunika kwambiri, ndipo dizilo wa jenereta sangafike msewu ukaduka.

Si zongoganizira. Pa 16 Julaye 1979 damu la matope a yureniyamu linagumuka ku Church Rock, New Mexico, madzi ake analowa mu mtsinje wa Puerco momwe anthu a mtundu wa Navajo ankamwetsa ziweto.

MaiWaMijigo
Ndiwonjezere pa zomwe anena a Mlonda. Mitsinje ya kumadzuloko, monga Nkombedzi wa Fodya ndi Thangadzi, chilimwe imakhala mchenga wokhawokha, ngolo zimadutsa. Injiniya wobwera mu Seputembala angaganize kuti ndi malo ouma abwino kumangapo. Mu Januwale mtsinje womwewo umadzaza m'maola ochepa, ngakhale pamalopo pasanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumapiri. Taona 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Marichi 2023. Ndipo madzi onse a mbali imeneyo amathera mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, lomwe linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017. Kumeneko ndi kwa mlamba ndi makakana, kwa madimba a chimanga ndi mbatata madzi akaphwa, kwa nyika zomwe anthu amakumba chaka cha njala.

Mlamba_wa_Ndindi
Apa ndiye mwandigwira. Nsomba za dambo limeneli zimafika mpaka m'misika ya ku Blantyre. Koma mlembi asathamangire kugumula damu m'gawo lachitatu, anthu angaganize kuti vuto ndi tsiku limodzi lokha.

MlondaWaDamu
Mwanena zoona. Kudontha kwa pang'onopang'ono ndi komwe kumachitika kawirikawiri. Chizindikiro choyamba m'zitsime zoyezera chimakhala mchere wa salufa, chifukwa umayenda mwachangu m'nthaka kuposa yureniyamu ndi radium.

MaiWaMijigo
Ndipo apo pali msampha weniweni wa kuchigwa kuno. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa kale madzi amchere mwachilengedwe. Ngati palibe amene anayeza madziwo mgodi usanayambe, kampani idzati mcherewo ndi wakale, anthu adzati ndi watsopano, ndipo palibe angapambane. Kuyeza koyenera nkotere: mijigo yonse yozungulira, kawiri pachaka, chilimwe ndi dzinja, kwa zaka ziwiri asanakumbe. Mumapopa kaye kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'paipi atuluke, mumathira m'botolo loyera, mumalemba tsiku ndi dzina la mjigo, botolo lina lofanana lipite ku labotale yosalipidwa ndi kampani. Mulingo wa World Health Organization ndi mamaikulogalamu 30 a yureniyamu pa lita imodzi. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa, kumangomuchulukitsa chifukwa madzi amauluka iye n'kutsala. Kulorini amapha majeremusi, sakhudza chitsulo. M'sewero mukhale komiti ya mjigo yomwe ikusunga kope la zotsatira zakalezo. Kope limenelo ndi chuma.

MlembiWaKuNgabu
Amayi, kope limenelo landipatsa magawo angapo. Nanga matenda? Ndimaganiza zoti ogwira ntchito azithothoka tsitsi ndi kutuluka zilonda.

NesiWaUsiku
Musatero, achimwene. Kuthothoka tsitsi ndi kupsa khungu kumabwera munthu akalandira cheza chochuluka kwambiri pa nthawi yochepa, monga pa ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya. Mwala wa kilogalamu imodzi pa tani sungachite zimenezo. Matenda a pamgodi wotere ndi achete. Mdani woyamba ndi fumbi la mwala, lomwe limaumitsa mapapo ndi kutsegulira khomo chifuwa chachikulu, monga zinachitikira kwa ambiri obwera ku migodi ya golide ya ku Joni. Wachiwiri ndi mpweya wa radon wa 222, wochokera ku radium, womwe theka lake limatha pa masiku 3.8. Pamtetete umauluka, koma m'ngalande zapansi ndi m'nyumba zotsekeka umaunjikana, ndipo khansa ya m'mapapo imaonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposa. Wosuta fodya ndiye ali pangozi yaikulu zedi. Yureniyamu wolowa m'thupi amavutitsa impso.

Tanthauzo lake pa nkhani yanu ndi lakuti munthu adzadwala mgodi utatsekedwa kale, ali kumudzi, ndipo kuchipatala adzayamba kumuyeza TB chifukwa zizindikiro zimafanana. Popanda mbiri ya cheza chomwe analandira, sangathe kusonyeza kuti matendawo anachokera kuntchito.

Fiziki91
Mbiri imeneyo imachokera ku kabaji komwe wantchito amavala pachifuwa, kamene amakatenga mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse kukawerenga. Cheza cholowa m'thupi amachiyeza m'mamilisiveti. Malire omwe mayiko amatsatira ndi mamilisiveti 20 pachaka kwa wantchito, powerengera zaka zisanu, ndi milisiveti imodzi pachaka kwa munthu wamba, kuwonjezera pa zachilengedwe zomwe padziko lonse zimakhala pafupifupi 2.4. Kuno zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Atomic Energy Regulatory Authority (AERA) pansi pa lamulo la Atomic Energy Act la 2011. Zomwe zimasokonekera: kabaji kusiyidwa m'loka, anthu awiri kubwerekana, ndi aganyu olembedwa kudzera mwa kontalakitala osapatsidwa n'komwe.

Protactinium mwiniyo amatulutsa cheza cha alpha, chomwe pepala kapena khungu limatchinga. Choopsa ndi akalowa m'thupi, chifukwa amakhazikika m'mafupa ndi m'chiwindi. Ndiye chipinda chomwe amamusefera chikhale chaching'ono, cha anthu osapitirira khumi, ogwira ntchito kudzera m'magolovesi omatidwa ku bokosi lagalasi, mpweya ukukokedwera mkati. Ndi chitsulo chovuta kusefa, chimakonda kumatirira m'makoma a ziwiya, ndipo kuti chikhale chosungunuka pamafunika asidi wa fluoride, amene amadya galasi ndipo amalowa pakhungu mpaka kufupa. Anthu 600 a pamgodi akhoza kugwira ntchito zaka zonse osachionapo ndi maso chitsulo chomwe tauni yawo imatchukira.

NesiWaUsiku
Osaiwala kutentha. Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40. Munthu wovala ovolosi, jombo ndi chotchinga kumphuno amachivula pofika 10 koloko m'mawa, osati chifukwa cha mwano, koma akulephera kupuma. Njira yothandiza ndi kupha fumbi pomwe likuchokera: kuboola ndi madzi, kuthirira misewu, kuyamba shifiti mbandakucha ndi kupuma masana. Nyumba yosinthira zovala ikhale ya mbali ziwiri, yakuda ndi yoyera, bafa pakati. Ovolosi isapite kunyumba, chifukwa wochapa ndi mayi, ndipo mwana amakhala kumsana.

NyaChisena
Funso langa ndi la nthaka. Kumadzuloko ndi kodyetsera ng'ombe ndi mbuzi, ndi minda ya thonje, mapira ndi mchewere. Anthu amenewo apita kuti? Manda awo?

Akawunti_ya_Nchalo
Mwa malamulo athu miyala ya pansi ndi ya dziko, mwini munda amalandira chipukuta misozi cha zapamwamba zokha: nyumba, mitengo, mbewu. Vuto lodziwika ndi lakuti malo odyetsera ziweto ndi a mudzi wonse, alibe mwini mmodzi woti alembedwe, choncho amasowa pa mndandanda wa olipidwa. Lamulo la migodi limafunanso kuti kampani yaikulu ichite pangano la chitukuko ndi anthu ozungulira, koma pangano lowerengera ndalama zomwe kampani yagulitsa silibweretsa kanthu ngati chogulitsidwacho palibe.

NyaChisena
Ndiye nyakwawa wa m'seweroyo musamulembe ngati wadyera basi. Ali pakati: achinyamata akufuna ntchito, akuluakulu akukana kusuntha manda, ndipo iye anasaina chikalata cha Chingerezi chomwe anamuwerengera ndi womasulira wa kampani.

KabazaBangula
Inu mukunena zoipa zokhazokha. Tauni yotere imakhalanso ndi moyo. Pa 25 malipiro akatuluka kabaza amayenda mpaka usiku, nyama ya mbuzi imatha pamsika, nyumba za lendi zimamangidwa, timu ya mpira imakhala ndi jezi. Anthu sangakonde malo amene angowapatsa matenda.

MphunzitsiWaMbiri
Zoona, ndipo popanda zimenezo kutsekedwa kwake sikungapweteke womvera. Uranium City ku Canada inali ndi sukulu, chipatala ndi anthu masauzande angapo. Mgodi waukulu utatsekedwa mu 1982 ambiri anachoka m'kanthawi kochepa. Koma a ku Nyapezi ambiri sadzachoka, chifukwa kwawo ndi komweko ndipo minda inapita.

MlondaWaDamu
Ndipo otsalawo ndi amene amakumana ndi gawo loopsa kwambiri. Alonda akachoka, waya wa mpanda ndiye amayamba kupita. Kenako migolo ya pulasitiki, yomwe imakasanduka yosungira madzi akumwa. Mapaipi a m'chigayo amakhala ndi chikhakha cha radium mkati, amakathera kwa ogula zitsulo zakale kapena kwa osula mbaula. Mchenga wa padamu ndi wosalala, waulere, uli pafupi, anthu amaumbira njerwa ndi kupaka pulasitala. Ku Mounana ku Gabon nyumba zambiri zinamangidwa ndi zotsalira za mgodi wa yureniyamu, ndipo pambuyo pake zinafunika kugwetsedwa. Kutseka koyenera ndi kuumitsa matope, kuwaphimba ndi dongo lochindikala lotsenderedwa kuti radon asatuluke, pamwamba kuika miyala kuti mvula isakokolole, ndi kusalola mitengo ya mizu yakuya kapena ziswe kuboola chophimbacho. Kuchigwa kuno chulu chimamera paliponse, choncho pamafunika munthu woyendera chaka ndi chaka. Ndalama ya ntchito imeneyi iyenera kusungitsidwa kubanki ngati chikole mgodi usanayambe, ndipo iziwonjezeredwa damu likamakula. Ikawerengedwa kamodzi kokha pachiyambi, imadzapezeka kuti ikukwanira kuphimba ngodya imodzi.

MlembiWaKuNgabu
Ndalemba zonse. Funso lomaliza kwa a Fiziki: magalamu amene anasefedwa m'zaka zonsezo, kampani ikagwa, amakhala kuti? Ndikufuna kudziwa kukula kwa chinthu chomwe mlonda womaliza akulondera.

Fiziki91
Sangasungidwe ngati chitsulo chonyezimira, chifukwa chimachita dzimbiri mumpweya. Amasungidwa ngati ufa woyera wa okusaidi, m'timabotolo totsekedwa, timabotolo tili m'zitini zachitsulo zowotchereredwa, zitini zili m'bokosi la mtovu. Tinene kuti m'zaka khumi anakwanitsa kilogalamu imodzi: ufa wonsewo ndi wochepa kwambiri, ndipo pamodzi ndi zotchingira zake ungakwane mu sefa imodzi ya muofesi, bokosi lachitsulo lokhomeramo ndalama lija. Onjezani ichi: ufawo ukamakhala, mkati mwake mumabadwa actinium wa 227, amene theka lake limatha pa zaka pafupifupi 22, pamodzi ndi ana ake otulutsa cheza cholowerera. Chaka chilichonse mita yoyezera ikayandikira sefayo imawerenga zochuluka kuposa chaka chatha, ndipo zidzapitirira kukwera kwa zaka zoposa 100. Mpando wa mlonda usakhale wotsamira khoma la chipinda chimenecho, ukhale kugeti.